Ulendo wa ku Vienna: kuwerenga mitu ya oimba pa steji

Lachiwiri usiku

Tafika ku Vienna, likulu la dziko la Austria, abale. Ndili ndi mwana wa achemwali anga uja akuphunzira viola, chida chonga vayolini koma chokulirapo, ku koleji ya zoimbaimba ku England, ndipo ndi iyeyu wandikokera kuno, ine ndimafuna holide ya kumalo kotentha koma amvekere ankolo inu zaka zonsezi mukuimba besi mu kwaya simunaonepo orchestra yathunthu ndi maso anu, tiyeni mukaone komwe zinthuzi zinakulira. Nde ndalolera. Ndege ndalipira ndine, matiketi a nyimbo akusaka ndi iye.

Titasiya zikwama tinayenda wapansi mpaka pa tchalitchi chachikulu cha Stephansdom. Pamenepo pali anyamata ovala mawigi oyera ndi majekete ofiira kuti azioneka ngati Mozart, akugulitsa matiketi a makonsati a alendo. Mmodzi anatikakamira ndithu, mwanayu anangomufunsa funso limodzi, kodi pa steji pakhala anthu angati? Mnyamata uja anayamba kuzungulirazungulira, eti ndi gulu labwino kwambiri, zovala zake zamakedzana, holo yake yokongola. Tinangothokoza nkumapita. Akuti timagulu timeneti nthawi zambiri timakhala ta anthu ochepa, palibe cholakwika, koma si zomwe tabwerera.

Tikudya madzulo watenga kapepala kopukutira pakamwa nkulemba chonchi:

2.2.2.2 / 4.2.3.1 / timp / 14.12.10.8.6

Ine ndimayesa nambala ya foni ya munthu kkkk. Akuti umu ndi mmene anthu a ntchitoyi amalembera kuchuluka kwa oimba omwe nyimbo ikufuna, ndipo ndondomeko yake sisintha. Manambala anayi oyambawo ndi zida zouzira zamtengo, flute, oboe, clarinet ndi bassoon, chida chilichonse anthu awiri awiri. Anayi otsatirawo ndi malipenga, horn 4, trumpet 2, trombone 3, tuba imodzi. Kenako timp, ndiye timpani, ng'oma zikuluzikulu zamkuwa zija, woimba mmodzi. Omalizawo ndi a zansambo: vayolini oyamba 14, vayolini achiwiri 12, viola 10, chelo 8, ndi besi zazikulu zija zoimirira 6. Zimenezi ndi za symphony yachiwiri ya wolemba nyimbo Johannes Brahms yomwe tikamvere Lachisanu, symphony ndiye nyimbo yaitali ya magawo angapo yoimbidwa ndi gulu lonse la zida. Zouzira ndi malipenga analemba yekha Brahms kuti zikhale zingati, koma chiwerengero cha a zansambo nthawi zambiri amasankha ndi woimbitsa ndi akuluakulu a gulu, molingana ndi nyimbo komanso holo, nde 14 ujayu ndi kungoganizira kwa mwanayu, tikaona konko.

Ndaphatikiza pa foni, zansambo 50, ena onse 19. Ndafunsa kuti bwanji anthu 14 aziimba mzere umodzi womwewo pomwe wa tuba ali yekha, kodi si kuwononga ndalama kumeneko? Wangoseka, akuti mawa tikwera sitima.

Lachitatu, Eisenstadt

Katauni kakang'ono kum'mwera chakum'mawa kwa Vienna, mwina ola limodzi ndi pang'ono kufikako, likulu la chigawo cha Burgenland, minda ya mphesa mbali zonse. Chomwe anthu amabwerera kuno ndi nyumba yachifumu ya banja la Esterházy komwe Joseph Haydn analembedwa ntchito mu 1761. Mkati muli holo yotchuka, masiku ano amaitcha Haydnsaal, denga lake lojambulidwa, pansi pa matabwa. Manda a Haydn ali mu tchalitchi cha Bergkirche pamtunda pang'ono, tapitako koma sitinakhalitse, mphepo inali yozizira.

Chandidabwitsa nchakuti munthu yemwe analemba ma symphony opitirira 100, amene ena amamutcha tate wa nyimbo zamtunduwu, zaka zoyambirirazo anali ndi oimba cha m'ma 15 basi. Vayolini ngati 6, viola imodzi kapena ziwiri, chelo imodzi, besi imodzi, oboe ziwiri, horn ziwiri, bassoon, pena flute. Mwanayu atamva za viola imodziyo anagwira mtima, akuti ankolo tangoganizani kulakwitsa noti uli wekha kalonga ali pompo akukuyang'ana. Panalibenso woimbitsa woima kutsogolo ndi kandodo, Haydn ankatsogolera uku akuimba nawo. Ndipo oimbawo anali antchito apakhomo ndithu, ovala yunifolomu ya bwana, malipiro kuchokera m'thumba la munthu mmodzi. Nde gulu linkakula mpaka pomwe thumbalo lalola, komanso omvera anali kalonga, banja lake ndi alendo ake, si chikhamu cha anthu. Kalonga Nikolaus atamanga nyumba ina yaikulu ku Eszterháza, komwe pano ndi dziko la Hungary, gululo linafika cha m'ma 24.

Nkhani yomwe aliyense amakamba kuno ndi ya 1772. Kalonga anakhalitsa ku Eszterháza, oimba akufuna kubwerera kwa akazi awo ku Eisenstadt koma woti akanene palibe. Haydn analemba symphony nambala 45 mwakuti chakumapeto woimba aliyense akamaliza gawo lake azizimitsa kandulo nkutuluka, mmodzimmodzi, mpaka panatsala vayolini ziwiri zokha. Amati bwana anamva uthenga. Ine ndikuganiza kuti chinyengo chimenechi chinatheka chifukwa gulu linali laling'ono, munthu mmodzi akachoka khutu limazindikira pompo. Pa anthu 14 oimba mzere umodzi wina atazemba mwina angadziwe ndi mnzake wokhala naye yekha.

Ndiye taonani zomwe zinachitika Haydn atapita ku London mu 1791, ataitanidwa ndi Johann Peter Salomon. Kumeneko omvera anali anthu ogula matiketi, ndipo anapeza gulu la oimba ngati 40, pofika 1795 ngati 60. Munthu yemweyo, mutu womwewo, koma nyimbo zake zomaliza zili ndi trumpet, timpani, flute ziwiri, ndipo mu symphony nambala 99 anaikamo clarinet koyamba. Apa mpomwe 2.2.2.2 uja anakhazikika. Tabwerera ku Vienna mochedwa, miyendo yanga yatupa.

Lachinayi

Lero linali tsiku la myuziyamu. Ku Neue Burg, mbali ya nyumba zachifumu za Hofburg pa bwalo la Heldenplatz, kuli zipinda zodzadza ndi zida zoimbira zakale. Ine zambiri ndimangodutsa, koma pa ma horn akale mwanayu anandiimika. Ndi paipi yamkuwa yopindidwa mozungulira, kumapeto kotambasuka, palibe chodina ndi zala ngakhale chimodzi. Lipenga lotere limangotulutsa manotsi ena, ena silingathe, ndipo nyimbo ikasintha kiyi woimba ankazula kachidutswa ka paipi nkulumikiza kena kotalika mosiyana. Manotsi osowawo ankawasaka polowetsa dzanja kukamwa kwa lipengalo. Mpaka lero oimba horn dzanja lamanja limakhala mmenemo ndipo kamwa la chidacho limaloza kumbuyo. Nchifukwa chake mu nyimbo za Haydn ndi Mozart malipenga sayankhula zambiri, amangothandizira apa ndi apo.

Zinasintha ndi mavalavu, omwe Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel anawalembetsa mu 1818 ku Germany. Ukadina, mphepo imadutsa njira yotalikirapo, nde lipenga limodzi likhoza kuimba noti iliyonse. Tuba inabwera mochedwa kwambiri, 1835 ku Berlin, anthu ake Wilhelm Wieprecht ndi Johann Gottfried Moritz. Kutanthauza kuti Beethoven, yemwe anamwalira mu 1827, tuba sanaione nkomwe. Malipenga amenewa ife timawadziwa ku bandi ya apolisi ndi ya asilikali, ndipo mukudziwa nokha mmene amamvekera patali.

Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa nkhani ya clarinet ndi oboe. Zakalezo zambiri ndi za mtengo wotuwira wa ku Ulaya konkuno, koma zamasiku ano zakuda bii zija, mwanayu akuti mtengo wake umachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ndinamufunsa dzina, atandionetsa pa foni ndinangoti aaa, si phingo uyu? Phingo yemweyu amasema ziboliboli anyamata a m'mbali mwa msewu kwathu. Ndi wolimba, wolemera, sapindika ndi chinyezi cha mpweya wa m'kamwa, ndipo amabooleka bwino osang'aluka msanga. Vuto lake amakula pang'onopang'ono kwambiri, zaka makumimakumi kuti afike podula, ndipo kuyambira 2017 malonda ake pakati pa mayiko ali pansi pa malamulo a CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza zomera ndi nyama kuti zisathe. Ndinakhala ndikuganiza mtengo wa clarinet imodzi yabwino kuno ndi ndalama yomwe wodula mtengowo amalandira, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ingandikwiyitse pa holide.

Masana tinadya ku msika wa Naschmarkt, ndipo kungowoloka msewu pali Theater an der Wien. Mmenemo pa 22 Disembala 1808 Beethoven anachititsa konsati ya maola anayi, holo yozizira, oimba osakonzekera mokwanira, ndipo symphony yachisanu ndi yachisanu nchimodzi zonse zinamveka koyamba usiku womwewo. Mu gawo lomaliza la yachisanu anawonjezera trombone zitatu, piccolo yomwe ndi kachitoliro kakang'ono kolira pamwamba kwambiri, ndi contrabassoon yolira pansi penipeni. Nthawi imeneyo trombone inkadziwika kwambiri ku tchalitchi ndi ku opera, masewero oimbidwa aja. Pofika symphony ya nambala 9 mu 1824 panali horn zinayi, ng'oma yaikulu, ma cymbal, triangle, kwaya pamwamba.

Apa mpomwe funso langa lija linayamba kuyankhika. Mwanayu anandifotokozera kuti vayolini ziwiri sizimveka mokweza kawiri kuposa imodzi ayi, kuchulukitsa kawiri kumangowonjezera ma decibel atatu pa muyeso wa kukwera kwa mawu, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika kuchulukitsa pafupifupi ka 10. Pomwe trombone imodzi ikapsa mtima imakwirira vayolini zingapo mosavuta. Nde malipenga akamachuluka ndi kukula mawu, maholo nawo akukula chifukwa tsopano omvera ndi anthu ogula matiketi, panalibe kuchitira mwina koma kuunjika a zansambo. Ife a kwaya timazidziwa, azibambo atatu a besi yeniyeni akakhala kumbuyo amafuna masoprano khumi kutsogolo, apo ayi nyimbo imangomveka kung'ung'udza.

Lachisanu, pakati pausiku, tulo palibe

Musikverein. Abale inu. Holo yaikulu ija mumaiona pa TV pa konsati ya tsiku la chaka chatsopano, inatsegulidwa mu 1870, mmisiri wake Theophil Hansen. Ndi bokosi lalitali chabe, mamita pafupifupi 49 mulitali, 19 mulifupi, 18 kukwera mmwamba, koma golide paliponse ndi ziboliboli za azimayi mmbali. Mipando 1,744 ndi malo oimirira anthu ngati 300 kumbuyo kwenikweni, ndipo ife tinali komweko ndi ana a sukulu ndi agogo ena omwe zikuoneka kuti amabwera sabata iliyonse. Symphony yomwe tamverayi inaimbidwa koyamba mu holo yomweyi pa 30 Disembala 1877, woimbitsa anali Hans Richter.

Oimba atakhala pansi ine ndinayamba ntchito yanga yowerenga, kuimirira pa zala kusuzumira pakati pa mitu ya anthu. Njira yosavuta akuti werengani masitandi a manotsi, chifukwa a zansambo amakhala awiri pa sitandi imodzi. Vayolini oyamba masitandi 7, ndiye 14. Achiwiri 12, viola 10, chelo 8, besi 6, ndendende mmene analembera pa kapepala paja, ndipo wakhala akundikumbutsa usiku wonse. Magulu akuluakulu pa nyimbo zolemera amafika 16, 14, 12, 10, 8, kukwana 60, pa nyimbo za Mozart amatsika mwina kuyambira 10 kapena 8. Mwaona kuti manambala amatsika ndi awiri awiri, sitandi imodzi imodzi, ndipo chida chikamakula oimba amachepa poti thupi lalikulu limatulutsa mawu ambiri.

Pa awiri a pa sitandi imodziwo, wokhala mkati ndi amene amatembenuza tsamba, mnzake wa kunja kufupi ndi omvera amapitiriza kuimba kuti mzere usaduke. Ndinaziona ndi maso, theka la gulu likutambasula dzanja nthawi imodzi. Mauta nawo amakwera ndi kutsika limodzi, si mwangozi, mtsogoleri wa vayolini oyamba, yemwe kuno amati Konzertmeister, amagwirizana ndi atsogoleri a magawo enawo ndipo zimalembedwa ndi pensulo pa manotsi. Iyeyo ndi amene anaimirira, holo nkukhala chete, wa oboe nkuliza noti imodzi ya A, onse nkuchuna zida zawo potsatira. Mayiko ambiri A ameneyu ndi 440, kuno ku Vienna amakweza pang'ono cha m'ma 443.

Kakhalidwe kawo usiku uno vayolini oyamba anali kumanzere, achiwiri kumanja moyang'anizana, momwe zinkakhalira nthawi ya Brahms. Kwina mukaona vayolini onse ali mbali imodzi ndipo chelo zili kumanja, kameneko ndi kakhalidwe komwe kanafala zaka za m'ma 1900, anthu amatchula Leopold Stokowski wa ku Philadelphia. Kumbuyo kwa a zansambo kuli mizere iwiri ya zouzira, flute ndi oboe kutsogolo, clarinet ndi bassoon kumbuyo, kenako malipenga ndi timpani pamwamba.

Nyimbo imayamba pansi, chelo ndi besi manotsi atatu chabe, kenako ma horn amayankha mofatsa. Ndipo apa ndinamva chinthu chomwe ma decibel aja sanandiuze. Anthu 14 akamaimba mzere umodzi palibe awiri ofanana ndendende, wina chala chili pamwamba pang'ono penipeni, wina uta wayamba kamphindi kochepa mochedwa, kunjenjemeretsa chala kwawo nkosiyana, nde zonsezo zikasakanikirana mawu ake amatuluka osalala, onenepa, osiyana kotheratu ndi vayolini imodzi yoikidwa pa sipika. Ngakhale pomwe ankaimba motsitsa kwambiri unkamva kuti ndi khamu likunong'ona. Ine ndinkayesa kuchuluka nkofuna phokoso, koma pomwe pananditenga mtima mpomwe onse 50 ankaimba chapansipansi.

A zouzira moyo wawo ndi wina. Aliyense ali ndi mzere wakewake, flute woyamba ndi wachiwiri saimba zofanana, nde palibe pobisala. Gawo lachitatu limayamba ndi oboe, chelo zikudodola nsambo ndi zala pansi pake, ndipo ndinaona mayi wa oboe nyimbo isanayambe akunyowetsa kabango kake mkamwa, kuyang'ana, kubwezeranso. Akuti oimba oboe ambiri timabango timeneti amasema okha ndi kampeni kunyumba, ndipo nyengo ikasintha kabango komwe dzulo kanali bwino lero kakhoza kukana.

Munthu yemwe ndinamuyang'ana kwambiri ndi wa tuba. Bambo wamkulu thupi, chida chili pamiyendo, nthawi yambiri manja ali pa mawondo akuwerengera nyimbo mumtima kudikira poti alowe. Gawo lachitatu lonse iye ndi a trombone sanakhudze zida zawo. Pa ma symphony anayi a Brahms ndi ino yokha yomwe ili ndi tuba. Koma chakumayambiriro kwa gawo loyamba, timpani itagunda pang'ono, anayi amenewa analowa motsitsa ndi mawu amdima ndipo holo yonse inasintha nkhope. Pamapeto penipeni a trombone atatu aja anatsegula zonse, ndikukuuzani anthu 50 a zansambo mauta akuuluka koma atatuwo ankamveka pamwamba pawo bwinobwino. Nditaona zimenezo nkhani yowononga ndalama ija sindinaitchulenso.

Chinthu chimodzi chokha chomwe sindikugwirizana nacho ndi mwambo wosaomba m'manja pakati pa magawo. Gawo loyamba litatha manja anga ankayabwa, koma anthu onse zii, kungotsokomola basi. Mwanayu anachita kundigwira mkono. Nthawi ya Mozart ndi Beethoven anthu ankaomba pakati, nde mwambowu si wakale kwenikweni, ndipo kwa ine kutsokomola kwa anthu 2,000 sikuposa kuomba m'manja.

Loweruka

Mmawa Haus der Musik, myuziyamu ina yomwe ili m'nyumba momwe munkakhala Otto Nicolai, amene anayambitsa orchestra yotchuka ya Vienna Philharmonic mu 1842. Muli sikirini yaikulu pomwe umagwira kandodo nkuimbitsa gululo, ukathamanga nalo limathamanga, ukasokoneza kwambiri oimba a pa sikirinipo amasiya nkuyamba kukudandaula. Kamnyamata kena kanachita dala katatu konse kuti kawaone akukwiya.

Gulu limeneli lili ndi zakezake. Silikhala ndi woimbitsa wokhazikika kuyambira 1933, oimba amadzilamulira okha nkumaitana amene akumufuna. Kuti ulowemo uyenera kuyamba wapambana mayeso a orchestra ya ku Staatsoper, nyumba ya opera, nkugwirako zaka zitatu. Onse pamodzi ndi oposa 140, osati kuti amakwera pa steji onse, koma poti opera imaimbidwa pafupifupi usiku uliwonse pomwe ena ali pa konsati kapena pa ulendo kunja, nde amasinthana. Zida zawo zina nzosiyana ndi za kwina: horn ya ku Vienna ili ndi mavalavu amtundu wakale, njovuta kuimba koma mawu ake ndi ofunda, oboe yawo kapangidwe kake nkena, trumpet zawo amazigwira chogona chifukwa mavalavu ake ndi ozungulira, ndipo pa timpani amakungapo chikopa cha mbuzi pomwe magulu ambiri anapita ku pulasitiki kapena chikopa cha mwana wa ng'ombe.

Zomwe zinamukwiyitsa mwanayu nzakuti akazi anayamba kuloledwa kukhala mamembala enieni mu 1997. Woyamba anali Anna Lelkes woimba harp, zeze wamkulu uja wa nsambo 47 ndi mapedulo 7, yemwe anali ataimba nawo kale zaka zoposa 20 asanamuwerengere ngati mmodzi wa iwo. Amvekere ankolo 1997 amayi anali atamaliza kale sekondale. Ndinalibe choyankha, zoona zake nzochititsa manyazi.

Chipinda cha Gustav Mahler ndi chomwe chikuonetsa pomwe kukula kuja kunakafika. Iye anatsogolera opera ya kuno kuyambira 1897 mpaka 1907. Symphony yake ya nambala 6 imafuna horn 8, trumpet 6, zouzira zamtengo zinayi zinayi kapena zisanu zisanu, mabelu a m'khosi mwa ng'ombe, ndi chinyundo chachikulu chamtengo chomwe munthu amamenyetsa pa bokosi mu gawo lomaliza. Ya nambala 8 itaimbidwa koyamba ku Munich mu 1910 pa steji panali anthu pafupifupi 1,000 kuphatikiza makwaya. Mahler asanafike, Richard Wagner anali atalemba kale kuti pa ma opera ake otchedwa Ring akufuna vayolini 16 ndi 16, viola 12, chelo 12, besi 8 ndi ma harp 6. Richard Strauss mu nyimbo yake ya mapiri a Alps ya 1915 anafuna oimba ngati 125, mashini opanga mkokomo wa mphepo, ndi ma horn ena 12 oimbira kuseri kwa steji. Gulu likaimba zoterezi limachita kubwereka oimba apadera, chimodzimodzi saxophone, yomwe ngakhale Adolphe Sax anailembetsa kale mu 1846 sinapeze mpando wokhazikika, amangoitana munthu nyimbo ikafuna. Kunena zoona ine 69 a dzulo aja andikwanira, koma mwanayu akuti ndisaweruze ndisanamve Mahler ndili mu holo.

Madzulo tinakaimirira ku Staatsoper. Kale kumalo oimirira ukapeza pako unkamanga sikafu pa chitsulo nkupita kokayenda, popanda wokulanda. Tinali mmwamba mwenimweni, nde orchestra tinkaionera pamutu ili m'dzenje kutsogolo kwa steji, anthu othithikana, timagetsi pa sitandi iliyonse. Dzenjelo ndi lothandiza kuti munthu mmodzi woimba ndi pakamwa popanda maikolofoni amveke pamwamba pa gulu lonselo. Ndinawerenga besi zokha kenako ndinasiya, msana unali utayamba.

Lamulungu, pa eyapoti

Tikudikira ndege ndamufunsa chifukwa chomwe anasankhira viola, poti nthabwala zonse za mu orchestra akuti zimagwera iwowo. Wandiyankha ndi masamu. Gulu lalikulu lili ndi mpando umodzi wa tuba, ndipo munthu akaupeza amakhalapo mpaka kupuma ntchito, nde wophunzira tuba akhoza kudikira zaka kuti malo atseguke penapake. Flute mipando itatu kapena inayi koma oifuna ndi ambirimbiri. Vayolini mipando ilipo pafupifupi 30, opikisana nawonso ndi khamu, ambiri anayamba ali ndi zaka zinayi. Viola mipando 10 kapena 12 ndipo mzere wake ngwaufupiko. Mayeso ake m'magulu ambiri gawo loyamba umaimbira kuseri kwa katani oweruza osakuona, mphindi zochepa chabe, tizidutswa tovuta ta nyimbo zomwe aliyense amazidziwa, ukaphonya noti imodzi amangoti zikomo.

Kenako wandiloza mnyamata wina pa mzere ali ndi chelo kumsana, akuti uyo wagula matiketi awiri, imodzi yake ina ya chidacho, chimakhala pampando wa pawindo atachimanga lamba. Wa besi yaikulu nde sayerekeza nkomwe, amatumiza mu chibokosi kapena kubwereka komwe akupita. Viola yake ikakhala paulendo imangolowa mu kabati ya pamwamba pa mipando. Wayamba kale kundisakira pa foni konsati ya Mahler nambala 6 ku England, akuti pa chinyundo paja ndikhale kutsogolo, ndipo tiketi ndilipiranso ndine.